Galimoto ya aShawa mu Juni

Tamiwe anatsika basi ya ku Lusaka mphepo ya Juni itayamba kale kuluma. Chikwama chimodzi paphewa. Foni m'manja. Sanali munthu wokhalitsa pamalo. Sabata ino Nakonde, sabata yamawa Lilongwe kudzera pa Mwami, nsapato ndi zitenje zili m'matumba. Ku Chipata, kwawo, ankangodutsako. Ulendo uno wokha anabwera kudzagona, chifukwa Loweruka kunali kuvundukula mwala wa pamanda a atate ake, aphunzitsi aShawa, kumudzi ku Kasenengwa.

Kunyumba ku Kapata anapeza galimoto ili pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene inkagona kuyambira iye ali mwana. Vaneti ya dizilo. Kale inali yoyera. Amayi ake, aZelipa, anali pakhonde, chitenje atachifunda pamwamba pa juzi.

Atapatsana moni, Tamiwe anangolunjika pankhani.

"Amama, mwala upita bwanji?"

"Pa motoka ya atate ako."

"Imalira?"

"Masana imalira. M'mawa imakana."

"Ndiye ndiyitane lole. Ndili ndi mnzanga ali nayo yabwino."

AZelipa anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Thupi lawo linapita kumudzi pa motoka ya eni. Ine ndinali nditasokonezeka ndi maliro, sindinalankhule. Mwala wawo sukwera motoka ya munthu wina. Kawiri ayi. Ikakana yawoyi, mwala ugona pano, anthu akadye nsima abalalike."

Tamiwe anawadziwa mawu amenewo. Sankabwezedwa.

Anayesa njira zina. Bwanji kunyamuka Lachisanu masana, injini itatenthedwa ndi dzuwa? Wosema mwala anali asanamalize zilembo. Anati madzulo. Bwanji usiku womwewo? Nyali za vaneti zinali ngati koloboyi, msewu wa kumudzi uli maenje okhaokha. Bwanji Loweruka masana? Abusa anali ndi ukwati kwina. Anapereka m'mawa basi. Nanga kukankha?

"Aphunzitsi apite kwawo mokankhidwa ngati ngolo?" anatero aZelipa. "Usandiyambe, Tamiwe."

Kutacha Lachisanu, Tamiwe anatuluka mame akadali pagalasi. Anakhala pampando wa atate ake. Mpando unali utagoba malinga ndi thupi lawo. Anapotoza kiyi. Sitata inazungulira mwamphamvu. Injini inatsokomola, inagwedezeka, inazima. Anapotozanso. Utsi woyera unatuluka kumbuyo, wonunkha dizilo wosapsa, unayenda pansipansi mpaka kukhola la nkhuku. Anayesanso. Chimodzimodzi.

Chitseko cha mbali inayo chinatseguka. AZelipa analowa, anakhala, anapinda manja. Anayamba kuyimba motsitsa mawu.

Tamiwe anatseka maso. Nyimbo ija.

Atate ake anaipeka okha, ya ana asukulu pa mzere wa m'mawa. Inu odzutsa dzuwa, dzutsani ndi ife. Imayamba choncho. M'mawa uliwonse wa chisanu ankalowa m'galimoto, kuwerama mpaka chipumi kugunda chiwongolero, n'kuyimba. Osafulumira. Ana ali kumbuyo, mano akugundana. Tamiwe ankamenya galasi. "Atate, tachedwa!" Iwo osacheuka n'komwe. Akamaliza, ankadzuka, kupotoza kiyi, galimoto n'kulira pompo. Kapata yense ankadziwa. Motoka ya aShawa siyenda isanapemphere.

AZelipa anamaliza kuyimba.

"Yesa tsopano."

Tamiwe anayesa. Kutsokomola. Utsi.

"Ndayimba mwezi wonse uno," anatero aZelipa. "Imafuna mawu awo. Ine siindimva."

"Amama, chitsulo sichimva."

"Nanga bwanji anamwalira Okutobala, yalira bwinobwino dzinja lonse, aBoaz a kutchalitchi ananyamulira chimanga pomwepa, lero yakana? Yangozindikira tsopano kuti sakubweranso."

"ABoazwo akuti chiyani?"

"Anabwera ndi mbaula. Kuika makala amoto pansi pa injini. Ndinawathamangitsa ndi tsache."

Tamiwe anatulutsa foni. Anayimbira Suleman.

Suleman anali wa magetsi a galimoto, shedi yake ili kuseri kwa msika. Anaphunzira kalasi imodzi ndi Tamiwe, onse m'manja mwa aShawa. Anafika pa njinga yamoto, chikwama cha zida pamsana, kofia pamutu. Anagwada pang'ono kwa aZelipa.

"Mwauka bwanji, amama?"

"Ndauka, mwanangu. Amako ali bwanji?"

"Ali bwino, miyendo chabe." Anatembenuka. "Aa, abwana a ku Lusaka! Ukadali ndi moyo? Ndimati unakwatiwa ndi basi."

"Iwe ukadali wamfupi."

"Ufupi umathandiza pa ntchito yanga. Tsegula boneti."

Anayamba ndi batire. Analigwiragwira, anapala mitu yake ndi mpeni, anamuuza apotoze kiyi. Anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Batire lili ndi moto. Likanakhala lofooka, sitata ikanalira ngati nkhalamba yokwera phiri. Iyi ikuthamanga."

Anapopa kapampu ka pamwamba pa sefa ya dizilo. Kanalimba msanga. Mulibe mpweya m'mapaipi. Anapita kumbuyo, ananunkhiza utsi, anakwinya mphuno.

"Dizilo akufika. Koma sakupsa. Iwe umayendetsa chiyani ku Lusaka?"

"Ya petulo. Yaing'ono."

"N'chifukwa chake. Ya petulo ili ndi mapulagi othetheka moto. Iyi ilibe. Imafinya mpweya mpaka utenthe, dizilo n'kuyaka yekha. Koma chitsulo chikazizira, chimaba kutenthako. Ndiye anaikamo mahita. Tizitsulo tinayi totenthetsa m'kati injini isanalire. Ndikukayikira amenewo."

Anamasula imodzi ndi sipanala. Kanthu konga cholembera, kakuda ndi mwaye. Anakagwira ndi pulayala, anakagunditsa ku batire ndi waya.

"Yang'ana kunsonga."

Poyamba palibe. Kenako nsonga inasintha mtundu. Kufiira kwa mdima. Kufiira kwa khala. Kenako kuwala kwa dzuwa likamatuluka kuseri kwa mapiri a Chipata. Popanda lawi. Popanda phokoso. Mpweya wozungulira unanjenjemera. Tamiwe anaiwala kuphethira. Zaka zonse zija anakhala kumbuyo kwa vaneti iyi akuzizidwa, timoto totere tikuyaka m'mimba mwa chitsulo, mumdima, mopanda wotiona.

"Iyi ndi yamoyo," anatero Suleman.

Yachiwiri inafiira. Yachitatu inafiira. Yachinayi inangokhala yakuda.

"Wapezeka wakuba!" anatero Tamiwe.

"Dekha. Imodzi ikafa, injini imalira ndithu, kungoti imavina kaye. Iyi sikulira n'komwe. Pali china."

Anali ndi ina m'chikwama. Anaiyika, anabwezera zonse, anamanga kachitsulo kolumikiza mitu yawo. Anatulutsa kababu koyesera moto, kokhala ndi waya kumchira. Anakagunditsa pa kachitsulo kaja.

"Tsegula kiyi, osaliza."

Tamiwe anatsegula. Kababu sikanayake.

"Tsekanso. Tsegulanso."

Mdima.

Suleman anakanda chibwano. "Mahita ali ndi njala. Moto sukuwafika." Anayang'ana mafyuzi. Onse abwino. Anasuzumira kukona ya injini, kumene kunali kabokosi kadzimbiri. "Aka ndi ka rileyi. Ndiko kamatumiza moto ku mahita ukatsegula kiyi, n'kudula kokha nthawi ikakwana." Anakagwira. Kanatsala m'manja mwake. Mawaya ake anali odulidwa, nsonga zokulungidwa bwinobwino ndi tepi youma, yakalekale.

"Aka kanafa ife tikadali kusukulu."

"Ndiye inkalira bwanji zaka zonsezi?"

AZelipa, pakhonde paja, anangoti, "Mhm."

Suleman anafufuzanso. Pansi pa mafuta ndi fumbi anapeza waya wina, wonenepa, wofiira, wochokera pa mahita. Sunali wa kufakitale. Unkalowera pa kabowo ka khoma la pakati pa injini ndi mokhala anthu. Nthawi yomweyo azana, mawu oitanira anthu kumapemphero, inamveka kuchokera kumzikiti.

"Mapemphero a Lachisanu," anatero Suleman, akupukuta manja. "Ndibwera ndikapemphera. Iwe tsata waya uyu. Uone kumene wapita."

"Ine?"

"Umatsata katundu mpaka ku Nakonde. Waya angakukanike?"

Njinga yamoto inapita.

Tamiwe anavula juzi. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili panja. Fungo la rabala wakale ndi sopo wa atate ake. Anayatsa tochi ya pafoni. Akangaude. Chivindikiro cha cholembera chofiira. Waya uja anatulukira pa kabowo, anakwera, anakhota, atamangidwa ndi timikombero ta chubu cha njinga, mtunda wofanana, mwaudongo wa munthu wolemba pa bolodi. Anathera kuseri kwenikweni, kumanzere kwa chiwongolero, kumene diso la munthu wokhala pampando silingafike.

Batani.

Lakuda, lalikulu ngati chivindikiro cha botolo. Lomangidwa pa kachitsulo kodulidwa ku chitini cha mafuta ophikira. Pakati pake panali pogoba, posalala, ponyezimira. Pulasitiki yodyedwa ndi chala chimodzi.

Tamiwe anatuluka pang'onopang'ono. Anakhala pampando. Anatambasula dzanja lamanzere kufuna batani lija. Silinafike. Anapendekeka. Silinafike. Anawerama, anaweramabe, mpaka chala chachikulu chinalowa m'kadzenje kaja ngati chabwerera kwawo.

Chipumi chake chinagunda chiwongolero.

Anakhala choncho. Sanadzuke. Kunja nkhuku zinkapalasa, mwana wina ankalira kwa aneba, koma zonsezo zinali kutali. Anali atakhala mmene ankakhalira atate ake. Msana womwewo. Khosi lomwelo. Ankawaona kudzera pagalasi lakumbuyo m'mawa uliwonse, ndipo sanaonepo dzanja lamanzere.

"Tamiwe?"

AZelipa anali ataima pa chitseko. Dzanja lili pakamwa.

"Ndimayesa ndi iwo," anatero.

Suleman atabwerera, anagunditsanso kababu kaja. Tamiwe anadina batani. Kababu kanayaka, mbee.

"Aphunzitsi!" Suleman anagwira kofia yake ndi manja awiri. "Rileyi itafa sanapite kwa munthu. Anadzipangira. Taona mmene anamangira. Ine ndemwe sindimanga chonchi."

"Ndiye zatheka?"

"Theka. Rileyi imadziwa nthawi. Batani silidziwa. Ukasiya msanga, chitsulo sichitentha. Ukakhalitsa, upsereza mahita, batire n'kutha. Ndipo awa ndi amtundu wakale, ochedwa. Nthawi yake ine sindiidziwa."

"Tiyese pano."

"Pano dzuwa latentha. Ilira ngakhale osadina. Woweruza ndi m'mawa, ndipo m'mawa watsala umodzi."

AZelipa analankhula, maso ali pa chiwongolero.

"Juni ndi Julayi ankayimba ndime ziwiri."

Tamiwe anacheuka.

"Ogasiti imodzi. Okutobala osayimba n'komwe, kungolowa n'kupita. Ndinkawanena ine. Ndinkati, aphunzitsi, Chikhristu chanu n'cha m'chisanu chokha? Iwo n'kumangoseka."

Suleman anaphulika kuseka mpaka anatsamira boneti. Tamiwe naye. AZelipa anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa.

"Ndiye zaka zonsezi ankandinamiza? Ine kumauza azimayi a chigwirizano kuti amuna anga sayenda asanapemphere?"

AZelipa anapukuta fumbi pa chitseko ndi nsonga ya chitenje.

"Ayi," anatero okha. "Akanatha kuwerenga manambala. Anali aphunzitsi a masamu. Anasankha kuyimba. Ndipo mawuwo ankawanena ndithu. Ndinkakhala pambali, ndinkamva."

Madzulo vaneti inalira mosavuta, monga mwa masiku onse. Anakatenga mwala kwa wosema. Amuna anayi anaukweza, anaugoneka pa matayala akale, anaufunditsa bulangete la aShawa, anaumanga ndi zingwe. Galimoto inakhala pansi kumbuyo ndi kulemera. Inagona pansi pa mtengo wa mapeyala, mwini wake ali pamsana.

Loweruka kunacha koipa. Nkhungu inatsika m'mapiri, inadzaza Kapata. Madzi a m'ndowa ankaluma zala. Boneti inali yozizira ngati mwala womwewo. Foni ya Tamiwe inali italira kale kangapo. Achibale ku Kasenengwa. Mwanyamuka? Abusa afika. Anthu ayamba kusonkhana.

Suleman anabwera osaitanidwa, atavala jekete ziwiri.

"Ndabwera kudzaona ngati ndikhale ndikudya kapena ndithawe m'tauni."

AZelipa anatuluka atavala zoyera ndi zakuda za chigwirizano. Analowa, anakhala, anaika chikwama pamiyendo. Tamiwe anakhala pa chiwongolero. Anatsegula kiyi. Anawerama. Chala chinapeza kadzenje kake.

"Yambani, amama."

Anadina.

AZelipa anayamba. Mokoka, mwa pamaliro, liwu lililonse lotalika.

"Imani, imani!" Suleman analowetsa mutu pa windo. Tamiwe anachotsa chala. "Pepani amama. Mukayimba choncho tipsereza zonse. Aphunzitsi sankakoka. Ankamenya rula pa tebulo. Chonchi."

Anamenya chitseko ndi chikhatho. Pha. Pha. Pha. Pha. Mayendedwe a ana opita pa mzere.

"Iwe Suleman, nyimbo yachikhristu waidziwira kuti?"

"Ndinaima pa mzere umenewo zaka zonse za pulayimale, amama. Sindinkayimba. Koma makutu analibe chitseko."

AZelipa anagwedeza mutu. "Menya."

Tamiwe anadinanso. Chikhatho chinagunda chitsulo. Mawu a amayi ake anakwera pamwamba pake, owonda, osagwedera. Inu odzutsa dzuwa. Chipumi chili pa chiwongolero, Tamiwe sankaona kanthu koma mawondo ake ndi fumbi la pansi. Koma ankadziwa. Kutsogolo kwa mapazi ake, kuseri kwa khoma lachitsulo, nsonga zinayi zinali zikusintha mtundu mumdima. Kufiira kwa mdima. Kufiira kwa khala.

Ndime yoyamba inatha. Foni inanjenjemera m'thumba. Tachedwa. Dzanja lake lamanja linapita lokha pa kiyi.

Dzanja lina linaligwira. Lozizira, lolimba. AZelipa sanasiye kuyimba. Analowa m'ndime yachiwiri atamugwira choncho.

Tamiwe anamvetsera. Mawu ake sanawadziwe. Ndime imeneyi inkayimbidwa iye akumenya galasi. Inkanena za ofulumira ndi ochedwa, kuti onse dzuwa limawapeza panjira. Batani linayamba kufunda pansi pa chala chake. Kutentha kochepa, kwa thupi la munthu. Mpweya wa amayi ake unkatuluka ngati utsi. Chikhatho cha Suleman chinkagundabe. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, Tamiwe analibe kwina kumene ankafuna kukhala.

Liwu lomaliza linatha. Dzanja lija linamumasula.

Anapotoza kiyi.

Injini inagwira pompo. Osatsokomola. Osakayika. Mkokomo wonenepa, wofanana, unagwedeza mpando, galasi, mtengo wa mapeyala. Kautsi kochepa kanatuluka n'kutha. Nkhuku zinabalalika. Kwa aneba chitseko chinatseguka, mayi wina anatulutsa mutu, duku lili pambali.

"Aphunzitsi abwera?" anafuula, kenako anadzigwira pakamwa.

Tamiwe anadzuka pang'onopang'ono. Pachipumi pake panali mzere wa chiwongolero. AZelipa ankayang'ana kutsogolo, misozi ikutsika, osaipukuta.

Suleman anabwerera m'mbuyo, manja m'matumba. Analankhula mokweza kuti amveke.

"Lolemba ubwere nayo ku shedi! Ndikuikire rileyi yatsopano. Uzingotsegula kiyi basi, ngati anthu ena onse."

Tamiwe anayang'ana amayi ake. Anayang'ana pagalasi, bulangete lomangidwa ndi zingwe.

"Isiye mmene ilili."

"Lolemba udzakhala uli ku Nakonde, eti?"

"Ndiona."

Analowetsa giya. Vaneti inatuluka pa geti mwaulemu, kumbuyo kuli pansi, inakhotera ku msewu wa fumbi. Anadutsa msika, amayi a tomato akuyala kumene. Anadutsa anyamata a njinga atakumbatira zifuwa zawo. Nkhungu inayamba kung'ambika pamwamba pa mapiri. Pa bampu iliyonse Tamiwe ankachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Foni inaliranso. AZelipa anaitenga, anaiyang'ana mozondoka, anaiyankha.

"Tili m'njira," anatero. "Akubwera pa yawo."

Anaiika m'chikwama chawo, anatseka zipi.

Tauni itatsala kumbuyo, minda ya mapesi ouma itayamba, Tamiwe anatsokomola pang'ono.

"Amama."

"Mhm."

"Ndime yachiwiri ija. Imayamba bwanji?"